Nyenyezi zisanu zikulowetsani pa geti, kapu ni nkhani ina

Ku America kuli bizinesi yopachika nyenyezi pa ana a sukulu. Mnyamata wa zaka 17 akayamba kumveka pa bola ku sekondale, makampani monga 247Sports, Rivals na ESPN amamuona pa vidiyo, amupima msinkhu, thupi na liwiro, kenako amupatsa nyenyezi ziwiri, zitatu, zinayi, olo zisanu ngati ni chilombo. Bola imene tikamba apa si ija ya Nkana na Power Dynamos iyayi. Ni ija ya zipewa zolimba, yogwira na manja, anthu kugwetsana monga alimbirana malo mu minibasi ya ku Matero. Ku mayunivesiti a kumeneko ni nkhani yaikulu: bwalo la Michigan lilowa anthu oposa 100,000, pamene Heroes Stadium yathu ili pa 60,000.

Chaka chilichonse mayunivesiti amalimbirana anyamata aba, ndipo makampani aja amatulutsa mndandanda wa amene wakolola bwino. A nyenyezi zisanu ni ochepa maningi. 247Sports imapatsa anyamata 32 chabe pa chaka m'dziko lonse.

Manje funso ni lakuti, kodi nyenyezi izi zimawina masewera?

Amene amati ni bodza ali na maina ao okonzeka. Patrick Mahomes anali wa nyenyezi zitatu. Josh Allen mayunivesiti akuluakulu sanamufune, anayambira ku kakoleji ka Reedley asanapite ku Wyoming. Stetson Bennett analowa ku Georgia opanda na bursary yomwe, koma ndiye anatsogolera timu kutenga chikho cha dziko kawiri, 2021 na 2022. Zonsezi ni zoona. Koma mkangano uyu ufanana na uja wa pa bawa wakuti sukulu ilibe ntchito chifukwa tonse tidziwa bwana mmodzi wa mathiraki amene anasiyira Grade 9. Anyamata a nyenyezi zitatu ni gulu lalikulu, a zisanu ni 32. Pa gulu lalikulu chonchi sipangalephere kutuluka Mahomes mmodzi. Ndipo Bennett uja musaiwale amene anamuzungulira: anzake ambiri ku Georgia anali a nyenyezi zinayi na zisanu.

Apa ndiye pali nkhani. Nyenyezi zimanama pa munthu mmodzi, koma pa timu yonse sizinama kawirikawiri. Mtolankhani Bud Elliott anapeza lamulo losavuta: timu yofuna chikho ifunika kuti pa anyamata amene inatenga zaka zinayi zapitazo, oposa hafu akhale a nyenyezi zinayi olo zisanu. Kwa zaka zoposa khumi, aliyense amene ananyamula chikho anali mkati mwa lamulo ili. Chifukwa chake sichivuta kumva. Masewera aya amathyola anthu. Timu imasunga osewera oposa 80, ndipo pofika November wina bondo lapita, wina phewa. Timu yaing'ono ikataya katswiri wake, basi yasila. Alabama ya Nick Saban, imene inatenga zikho 6 pakati pa 2009 na 2020, ikataya katswiri inali kungotembenuka ku benchi n'kuimitsa wina wofanana naye. Mu January 2023, TCU inafika mu fainolo na mtima chabe, anthu n'kumati nyenyezi zagwa. Georgia inaimenya 65-7.

Koma musathamange kukabetcha ndalama ya lendi pa mndandanda. Mu 2022, Texas A&M inasonkhanitsa gulu la anyamata limene 247Sports inati silinaonekepo. Chaka chomwecho timu inawina masewera 5, kuluza 7. Ambiri mwa anyamata aja anathawa, ndipo mu November 2023 kochi Jimbo Fisher anamuchotsa ntchito, yunivesiti n'kutsala na nkhongole ya madola oposa 75 miliyoni yomulipira kuti akhale panyumba. Ena tikachotsedwa ntchito timangopatsidwa kalata na katoni yoikamo makapu.

Ndiye kunabwera Indiana, timu imene kwa zaka zambiri inali yongomenyedwa. Kochi Curt Cignetti anafika kumapeto kwa 2023 kuchokera ku James Madison, ananyamula osewera ake angapo, ena anawatola m'matimu ena. Mu January 2026 Indiana inamenya Miami 27-21 mu fainolo, kutsiriza nyengo yonse opanda kuluza, masewera 16. Lamulo la Elliott linathyoka pamenepo. Mtsogoleri wao pa bwalo, Fernando Mendoza, ku sekondale analibe dzina lalikulu, ndipo anabwera kuchokera ku yunivesiti ya California.

Ine sinikhulupirira kuti Indiana inaonetsa kuti luso lilibe ntchito. Inaonetsa kuti msika wasintha. Kale wosewera akasamuka anali kukhala chaka chathunthu osasewera. Kuyambira 2021 amasamuka n'kusewera pomwepo, ndipo amaloledwa kulandira ndalama pa dzina lake. Nyenyezi zimapima mwana wa zaka 17 amene akali kudya nsima ya amai ake, titero kunena kwake. Cignetti anali kugula amuna a zaka 21 na 22 amene anawaona kale akusewera na akuluakulu anzao.

Vuto kwa matimu ang'ono ofuna kukopera Indiana ni lakuti olemera nawo apenya. Ohio State, imene inatenga chikho chaka chimodzi Indiana isanatenge, inali kale yodzaza na a nyenyezi zinayi na zisanu, koma inapitabe pa msika womwewo n'kutenga Caleb Downs ku Alabama, Quinshon Judkins ku Ole Miss na Will Howard ku Kansas State.