CIKRISTU CIYESEDWA PA SIKELO

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, misika ya m'Cigawo ca Kum'mawa idzala ndi matumba a cimanga, nshawa ndi thonje. Iyi ndiyonso nyengo imene cikhulupiriro ca anthu ambiri ciyesedwa, ngakhale kuti eni ake sazindikira.

Mau a Mulungu si acilendo m'cigawo cino. Amishoni a Dutch Reformed anatsegula Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka ca 1899, ndipo kuyambira pamenepo nyumba za mapemphero zafalikira m'midzi yambiri. Pa 29 December 1991, Mtsogoleri wa dziko panthawiyo, a Frederick Chiluba, analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu. Koma cilengezo sicingalowe m'thumba la cimanga. Amene athira cimanga m'thumbamo ndi mlimi mwini.

Pali alimi ena amene aimba bwino m'kwaya pa Sondo, koma pa Lolemba athira mcenga pansi pa thumba kuti likwane makilogalamu 50. Ena awaza madzi m'thonje usiku kuti lilemere pa sikelo. Nawonso ogula ena, amene ali ndi maudindo mumpingo, agulira meda yaikulu ndi kugulitsira meda yotiwanitsidwa pansi. Onsewa aganiza kuti malonda ali paokha, kupemphera kulinso paokha.

Baibulo siligawa moyo wa munthu pawiri motero. Mneneri Amosi anadzudzula amalonda a m'Israyeli cifukwa ca miyeso yonyenga ndiponso kugulitsa mungu pamodzi ndi tirigu. Zakeyu, wokhometsa msonkho wa ku Yeriko, atalandira Yesu m'nyumba mwake analonjeza kubwezera kanai onse amene anawadyera. Kutembenuka kwake kunaonekera pa ndalama.

Cinyengo cotere siciononga wonyengedwa yekha. Akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Wogula akapeza mcenga m'thumba limodzi, akayikira mudzi wonse, natsitsa mtengo ngakhale kwa mai wamasiye amene anapeta cimanga cace mokhulupirika. Cimanga cosauma bwino cikalowa m'nkhokwe ciola ndi kuoletsa cinzace, ndipo odzavutika ndi ana a m'mudzi womwewo.

Ciyeso cina cibwera m'caka ca njala. Mu 2024 mvula inadula, ndipo pa 29 February Boma linalengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. M'zaka zotere munthu wokhala ndi cakudya ali ndi mphamvu pa mnansi wace. Angathe kumlimitsa ganyu tsiku lonse ndi kumpatsa kambale ka gaga, podziwa kuti wanjala sakana. Pamenepo ndi pamene wophunzira wa Yesu adziwikira, pakuti alipira molingana ndi nchito, osati molingana ndi njala ya mnzace.

Kunena zoona, kukhulupirika kuli ndi mtengo wace. Thumba lopanda mcenga lifuna cimanga coculukirapo, ndipo mlimi ali ndi ngongole ya feteleza ndi zofunika za ana ku sukulu. Koma dzina labwino libweretsa wogula caka ndi caka, pamene cinyengo cidyedwa kamodzi kokha.

Motero abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi anyakwawa ayenera kuikamba nkhaniyi poyera misika isanatsegulidwe. Ndipo Mkristu aliyense, asanasoke thumba lace, adzifunse ngati angakondwe kuligula iye mwini.