Ndege yopanda injini imayamba yafunsa kulemera kwako

Sabata yathayi ndinkaphunzitsa ana a Fomu 3 phunziro lija la fizikisi lonena kuti mwana wopepuka atakhala kunsonga kwa thabwa angathe kutukula munthu wamkulu amene wakhala pafupi ndi potsamira thabwalo. Masamu ake ndi achidule: kulemera kuchulukitsa ndi mtunda. Ndili mkati molemba pabolodi, mnyamata wina wa kumbuyo, mwa aja amafunsa atapinda manja, anati, "Aphunzitsi, kupatula pamayeso, zimenezi zinathandizapo ndani?" Anzake anaseka, belu n'kulira. Ndinamulonjeza yankho, ndipo ndaona kuti ndiliperekere pano chifukwa likukhudza ndi akuluakulu omwe.

Kuli ndege zina zopanda injini, zimene pa Chingerezi amati glider. Zimauluka kwambiri ku Ulaya ndi ku America, komanso ku Namibia ndi ku South Africa, kumene mpikisano wake wa dziko lonse unachitikira ku Mafikeng mu 2001. Kuti inyamuke, amaikoka pachingwe ndi ndege ina, kapena ndi makina okulunga chingwe amene amakhala pansi kumapeto kwa bwalo. Ikafika m'mwamba, woyendetsa amamasula chingwecho n'kuyamba kusaka mpweya wotentha umene umakwera kuchokera pansi, monga amachitira miimba ikamazungulira masana osakupiza mapiko. Katswiri amatha kukhala m'mwamba maola ambiri ndi kuyenda makilomita mazanamazana popanda dontho la mafuta.

Tsono ndege yotereyi, asanaimangirire chingwe, pali funso limene woyendetsa aliyense amayenera kuyankha: ukulemera makilogalamu angati?

Mayi aliyense amene anasenzapo mtolo wautali wa nkhuni amadziwa chifukwa chake. Mtolo uli ndi malo amodzi amene ukawaika pankhata umakhazikika. Mukausunthira kumbuyo pang'ono umagwera kumbuyo, mukausunthira kutsogolo pang'ono umakugwetserani kutsogolo. Mtolo ndi womwewo, kulemera n'komweko, koma nkhani yagona pa malo amene kulemerako kwakhala. Ndege nayo ili ndi malo oterowo. Akatswiri amawatcha centre of gravity, koma ine ndiziti pankhata pa ndege. Mapiko ndiwo mutu wosenza, ndipo pankhata payenera kukhala pamene mapikowo akunyamulira.

Munthu amene anayamba kuuluka mobwerezabwereza pa ndege zopanda injini ndi Otto Lilienthal wa ku Germany. Iye ankalendewera pakati pa mapiko, ndipo ankawongolera ndege yake poponya miyendo kutsogolo, kumbuyo kapena kumbali. Thupi lake ndilo linali chiwongolero. Anauluka maulendo pafupifupi 2,000. Koma pa 9 Ogasiti 1896 mphuno ya ndege yake inadzuka, miyendo inalephera kuibweza, ndipo anagwa kuchokera mamita pafupifupi 15. Anathyoka khosi n'kumwalira mawa lake ku Berlin.

Woyendetsa wa lero salendewera. Amakhala pampando atamangidwa malamba, ndipo amawongolera ndi kandodo kamene kamasuntha kachipiko ka kumchira. Sangasunthe thupi lake ali m'mwamba. Choncho nkhani ya pankhata iyenera kutheratu ndege idakali pa udzu.

Titenge chitsanzo cha ASK 21, ndege ya anthu awiri imene masukulu ambiri ophunzitsa kuuluka amagwiritsa ntchito. Imapangidwa ndi kampani ya Alexander Schleicher ku Poppenhausen m'dziko la Germany, ndipo inayamba kuuluka mu 1979. Mapiko ake ndi otambalala mamita 17. Yopanda munthu imalemera makilogalamu pafupifupi 360, ndipo siyenera kupitirira makilogalamu 600 ponyamuka. Koma danga limene pankhata pake paloledwa kukhala ndi la masentimita pafupifupi 23 okha, losafika ngakhale rula imene mwana wanu amapita nayo kusukulu. Chindege chonsecho moyo wake uli m'kadanga kameneko.

Pankhata pakapita kutsogolo kwambiri, chifukwa woyendetsa ndi wolemera mopitirira muyeso, mphuno imalemera. Potera, woyendetsa amakoka kandodo kuti ndege ifike pansi mofatsa, koma kachipiko ka kumchira kamaperewera mphamvu, ndege n'kumenya nthaka ndi mphuno. Zimenezi n'zoopsa, komabe zoopsa zenizeni zili mbali inayo. Pankhata pakapita kumbuyo, chifukwa woyendetsa ndi wopepuka, mphuno imangofuna kudzuka. Ikadzuka kwambiri mapiko amasiya kugwira mpweya, ndege imagwera mbali imodzi n'kuyamba kutsika ikuzungulira ngati nguli. Ndege imene pankhata pake pali pamalo oyenera, woyendetsa wophunzira bwino amaitulutsa m'kuzungulira kumeneku. Imene pankhata papitirira malire a kumbuyo ikhoza kukana mpaka pansi. Ndipo pokokedwa ndi makina a pansi aja, pamene chingwe chimadzutsa mphuno mwamphamvu m'masekondi oyamba, munthu wopepuka angakankhe kandodo mpaka kumapeto, mphuno osatsika.

Apa ndi pamene ambirife timadabwa. Tinazolowera kuganiza kuti ngozi imadza ndi kulemetsa katundu. Mu ndege yopanda injini kupepuka nako kumapha.

N'chifukwa chake maboma sanasiye nkhaniyi m'manja mwa nzeru za woyendetsa. Ku Ulaya bungwe la EASA, limene likulu lake lili ku Cologne, lili ndi malamulo otchedwa CS-22, amene anatuluka koyamba mu 2003 kulowa m'malo mwa akale otchedwa JAR-22. Malamulowa amati ndege yopanda injini isapitirire makilogalamu 750 ndipo isanyamule anthu oposa awiri. Amatinso wopanga aonetse kuti ndege yake imakhazikika bwino ikanyamula munthu wolemera pakati pa makilogalamu 70 ndi 110, kuwerengera ndi parachuti imene wavala. Kenaka amalamula kuti malire onsewa alembedwe m'buku la malangizo limene limaperekedwa ndi ndege iliyonse: kulemera kokwanira, malire a pankhata kutsogolo ndi kumbuyo, ndi njira yoikira zidutswa za mtovu kumphuno ngati woyendetsa ndi wopepuka. Ku America nakonso lamulo limaletsa munthu kuulutsa ndege mosemphana ndi malire olembedwa m'buku lake ndi pa tizikwangwani ta mkati mwake.

Tizikwangwanito ndi tofunika, pakuti palibe amene amatsegula buku la masamba ambiri chingwe chili pafupi kukoka. Lamulo limafuna kuti pafupi ndi mpando, pamene maso a woyendetsa amafika, pakhale kachikwangwani konena manambala awiri: kulemera kochepetsetsa ndi kulemera kochulukitsitsa kwa munthu wokhala pamenepo. Masamu onse a akatswiri amathera pa manambala awiriwo. Munthu safunika digiri kuti awamve. Amangofunika sikelo ndi chilungamo.

Koma pali mfundo ina imene ndimaiona kuti ndi mtima wa lamuloli. Nambala ya pafakitale siikhala yoona mpaka kalekale. Ndege ziwiri za mtundu umodzi, zotuluka tsiku limodzi, pakatha zaka 20 sizilemeranso mofanana. Ina inathyoka mchira n'kukonzedwa, ina anaipakanso penti, ina anaichotsa wailesi yakale yolemera kumphuno n'kuikamo yatsopano yopepuka. Chilichonse mwa zimenezi chimasuntha pankhata.

Tibwerere ku masamu a Fomu 3 aja. Tiyerekeze kuti pokonza mchira amisiri awonjezerako makilogalamu atatu, ndipo mchirawo uli mamita asanu kumbuyo kwa pankhata. Tikachulukitsa 3 ndi 5 tipeza 15. Woyendetsa amakhala pafupi, tinene mita imodzi ndi theka kutsogolo. Tikagawa 15 ndi 1.5 tipeza 10. Ndiye kuti makilogalamu atatu a kumchira afunika makilogalamu khumi kumpando kuti ndege ikhazikikenso. Munthu wa makilogalamu 70 amene dzulo anali woyenera, lero waperewera, pamene iye sanasinthe ndipo ndegeyo poiona ndi maso ndi yomweyo.

Pa chifukwa chimenechi, m'buku la ndege iliyonse muli tsamba limene silidzazidwa kamodzi n'kutha. Ndege ikakonzedwa kwambiri, ikapakidwa penti kapena ikasinthidwa zipangizo, kulemera kwake kumawerengedwanso, nthawi zambiri poiika pa sikelo. Woyendera wovomerezeka amalemba tsiku, kulemera kwatsopano, pankhata patsopano ndi malire atsopano a woyendetsa, n'kusainira. Kachikwangwani ka kumpando nako kamasinthidwa. Buku la ndege ina, ngakhale ya mtundu womwewo, silingalowe m'malo mwake.

Ndege za mpikisano zimawonjezera mutu wina. Zimanyamula madzi m'mapiko kuti zithamange, lita iliyonse kilogalamu imodzi, ndipo zina zili ndi kathanki kumchira kolinganizira madziwo. Buku limanena kuti madzi akakhala akuti m'mapiko, kumchira kuikidwe akuti. Woyendetsa wolemera akasiya madzi kumchira osanena, mawa n'kukwera mnzake wopepuka, ngozi yakonzedwa kale ndege isanatuluke m'nyumba yake. N'chifukwa chake kuyang'ana thanki ya kumchira ndi gawo la zofufuza asananyamuke.

Chimene chinandikhudza ine ngati mphunzitsi n'chakuti ku America ndi m'maiko ambiri a ku Ulaya mwana wa zaka 14 amaloledwa kuulutsa yekha ndege yopanda injini. Umenewu ndi msinkhu wa ana athu a Fomu 1, ndipo ambiri pa msinkhu umenewu safika makilogalamu 70 ngakhale atavala parachuti. Tsiku limene mlangizi watsika pampando wa kumbuyo n'kumuuza kuti lero upita wekha, chimene chikuteteza mwanayo si kulimba mtima kwake ayi. Ndi kachikwangwani kolondola, zidutswa za mtovu zomangidwa zolimba pamalo ake, ndi munthu wamkulu amene anamukweza pa sikelo m'malo mongomuyang'ana. Mtovu wongoponya pansi pa mpando suloledwa, chifukwa ukhoza kusuntha n'kutsekereza kandodo.

Kwa akuluakulu vuto limakhala manyazi. Bambo amene mimba yakula amatchulabe kulemera kwa pa unyamata wake. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndege siimva zimene mwanena, imamva zimene mwakhazika pampando.

Alipo amene anganene kuti zonsezi ndi mapepala chabe, kuti woyendetsa wa zaka zambiri amaimva ndege yake m'manja. N'zoona kuti amaimva, koma amaimva itanyamuka kale, pamene palibe poimika kuti akonze katundu. Dandaulo limene lili ndi mutu ndi lina: kachikwangwani kakale kosasinthidwa n'koipa kuposa kusowa kachikwangwani, chifukwa kamapatsa munthu mtima pansi pa bodza. Koma mankhwala ake si kutaya lamulo. Mankhwala ake ndi tsiku ndi siginecha zija, kuti aliyense athe kufunsa kuti, ndegeyi anaiyeza liti, ndipo anaiyeza ndani?

Ndege za injini nazo zinaphunzira mfundoyi ndi misozi. Pa 8 Januwale 2003 ndege ya Air Midwest ya mtundu wa Beechcraft 1900D inagwa itangonyamuka ku Charlotte m'dziko la America, ndipo anthu onse 21 anafa. Ofufuza anapeza zinthu ziwiri. Zingwe zosunthira chipiko cha kumchira zinamangidwa molakwika pokonza, ndipo ndegeyo inali yolemera mopitirira, pankhata pake pali kumbuyo. Oyendetsa anachita masamu awo monga mwa malamulo, koma anagwiritsa ntchito nambala yongoyerekeza ya kulemera kwa munthu mmodzi ndi chikwama chimodzi, imene inali yotsika kuyerekeza ndi anthu ndi katundu weniweni amene anakwera. Mphuno inadzuka ndipo analephera kuitsitsa. Pambuyo pake boma la America linakweza manambala oyerekezawo. Masamu anali olondola, nambala ndiyo inali yakale.

Kwathu kuno ndege zopanda injini si zimene timakwera, koma manambala olembedwa pambali pa lole timawaona tsiku lililonse, ndipo sitiwawerenga. Timaona matumba a chimanga ataunjikidwa kumbuyo kwa pikapu mpaka matayala a kutsogolo akungopsopsona msewu, woyendetsa n'kumadabwa kuti chiwongolero chapepuka. Timaona bwato anthu atadzazana mbali imodzi. Wa kabaza aliyense amadziwa zimene njinga imachita thumba likamangidwa kumbuyo kwenikweni kwa kaliyala pokwera chitunda. Fizikisi yake ndi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathu a ndege anagwirizana kuti nambala ilembedwe, iikidwe pamene maso afika, iyezedwenso zinthu zikasintha, ndipo wina asainire.

Lolemba likubwerali ndipita m'kalasi ndi nsungwi, chingwe ndi miyala itatu. Ndimupatsa mnyamata uja kuti apeze pankhata pake, kenaka ndimangirira kamwala kakang'ono kunsonga ya kumbuyo, ndimufunse kuti kutsogolo kufunika miyala ingati. Akapeza yankho, ndimuuza kuti kwinakwake mwana wa msinkhu wake akudalira masamu omwewo kuti abwerere kwa amayi ake madzulo. Inunso awerengi, ulendo wina mukamakwera pikapu, musangowerenga mitu ya anthu. Yang'ananinso kumene katundu wakhala, ndipo ngati sizikukukhalirani bwino, yankhulani galimoto isananyamuke.