Musanatukwane injini, yang'anani petulo

Injini ya boti ikayamba kutsokomola n'kuzima pakati pa Zambezi, pamene pali mvuu, ambili amati yakalamba. Ine ndimakana. Yamaha Enduro siifa msanga. Nthawi zambili cimene cimaizimitsa ni petulo wa m'zigubu, wokhala na madzi na dothi lotseka tumabowo twa kabuleta. Thilani pang'ono m'botolo loonekela mkati: madzi amakhala pansi, mudzawaona.

Ena amaiwala kumasula kasikulu ka mpweya pa civundikilo ca thanki, ndiye injini imayenda pang'ono n'kuzima. Oilo nayenso anthu amangothila mwa diso, pulagi n'kuda bii. Malita 25 a petulo amafuna hafu ya lita ya oilo, basi. Makanika muitane mukaona izi zonse.