Mchenga wa ku Bandawe ulibe mzere mu bajeti

Aliyense woyenda mu msewu wa M5 kuchoka pa Chintheche kulowera ku Kande aona kuti mbali ya kunyanja mipanda ikuchulukirachulukira. Ina ndi ya maloji, ina ndi ya nyumba zopumuliramo za anthu a m'tauni, ina yangozinga thengo podikira kuti mtengo wa malo ukwere. Ife sitidana ndi alendo, ndipo ntchito zomwe malo ogonawa amapereka kwa achinyamata a ku Bandawe tikuzidziwa. Nkhawa yathu ili pa tinjira topita kudooko, pamchenga pomwe asodzi amakocheza mabwato ndi kuyanika usipa, ndi pomwe amayi amachapira. Malo amenewa ndi a aliyense, ndipo palibe ofesi yomwe ili ndi ndalama zowasungira.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuyang'ana m'thumba la khonsolo ya Nkhata Bay, yomwe imayang'anira Bandawe. Lamulo la maboma aang'ono la 1998, lomwe linabwera ndi mfundo ya mphamvu ku anthu, linapatsa makhonsolo udindo wa chitukuko. Koma ndalama zomwe khonsolo ya kumudzi imatolera yokha ndi zochepa: matikiti a m'misika, ziphaso za malonda, ndi tina ta m'madepoti. Mizinda ngati Mzuzu ndi Blantyre ili ndi msonkho wa nyumba woti nkudalira, pomwe m'maboma a kumidzi gwero limeneli ndi lofooka kwambiri. Choncho zomangamanga zimadikira Lilongwe, kudzera ku komiti yoona za chuma cha makhonsolo ya NLGFC. Pali thumba la chitukuko cha m'boma la DDF. Pali thumba la CDF, lomwe linafika K100 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024. Palinso ndalama za GESD, madola 100 miliyoni omwe World Bank inavomereza mu 2020, zomwe khonsolo imalandira malinga ndi mmene yakhozera pa kauniuni wa chaka ndi chaka wa kayendetsedwe kake.

Ndalama zimenezi zamanga midadada ya sukulu, nyumba za aphunzitsi, milatho ing'onoing'ono, mashedi a m'misika. Zonsezi ndi zofunika, ndipo mwana wophunzirira pansi pa mtengo wa mango sangatsutse. Koma taonani kufanana kwake: chilichonse ndi choti chili ndi khoma lolembapo dzina, ndi tsiku lodula riboni. Mchenga wosiyidwa dala kuti ukhale wopanda mpanda sungajambulidwe pa chikwangwani cha kampeni. Ndiye phungu, khansala, ngakhale komiti ya chitukuko ya m'mudzi, onse amaulambalala, ndipo sitingawadabwe kwambiri.

Chintheche ikudziwa bwino kuti boma likafuna malo limawapeza. M'zaka za m'ma 1970 kunakonzedwa zoti kumangidwe fakitale yaikulu yopanga zipangizo za mapepala, yoti izidya mitengo ya paini ya ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala oposa 50,000 yomwe inabzalidwa pa mapiri a Viphya. Paini anakula, fakitale sinabwere. Boma la nthawiyo linalimba mtima kukonzera malo makina omwe anali asanagulidwe nkomwe. Kulimba mtima kofananako sitinakuonepo pa nkhani ya dooko la asodzi, lomwe lilipo kale ndipo likudyetsa mabanja tsiku ndi tsiku.

Pali chuma chinanso pamalopa. Mishoni ya Livingstonia inasamukira ku Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, itathawa malungo ku Cape Maclear, ndipo likulu lake linakhala pano mpaka 1894 pomwe linakwera ku Khondowe. Tchalitchi chakale chikadalipo, manda a amishoni akadalipo. Kuchokera m'sukulu za pano Atonga ambiri anatenga maphunziro omwe anakawapezetsa ntchito ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg. Mlendo amene amabwera kudzaona zimenezi amafuna kuona malo otakasuka, mitengo, ndi nyanja ikuonekera. Tikalola kuti pozungulira ponse padulidwe mapoloti, tchalitchi chidzatsala chopanikizika pakati pa makoma a eni ake.

Maiko ena anapeza njira. Ku Massachusetts, m'dziko la America, lamulo la 2000 limalola tauni kuti anthu ake avote kuonjezera pang'ono pa msonkho wa nyumba, osapitirira 3 peresenti, ndipo boma la chigawo limathirapo zake. Ndalamazo zimakhala m'thumba lakelake, ndipo gawo lina limayenera kupita ku malo osungidwa opanda nyumba, lina ku zinthu zakale za mbiri, lina ku nyumba zotsika mtengo. Malo abwino akapezeka pa msika thumba lisanadzaze, tauni imatha kukongola nkumabweza pang'onopang'ono ndi msonkho womwewo. Anthu amavota akudziwa kuti chaka chamawa alipira zochulukirapo.

Sitikunena kuti Nkhata Bay ikopere zimenezi mmene zilili. Mlimi wa chinangwa wa ku Bandawe alibe msonkho wa nyumba woti nkuonjezerapo, ndipo khonsolo yomwe imavutika kulipira ogwira ntchito ake siyenera kuthamangira ngongole. Chomwe tikutolapo ndi ganizo loti malo osungidwa ndi chitukuko chofanana ndi mlatho, choyenera mzere wake mu bajeti. Ndipo pano tili ndi mwayi womwe a ku America alibe: gawo lalikulu la gombe likadali malo a makolo, m'manja mwa mafumu ndi mabanja. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi, ndipo limazindikira malo omwe mudzi wonse umagwiritsa ntchito limodzi. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola midzi kupatula nkhalango zake. Ndiye kuti malo ambiri safunika kugulidwa. Afunika kuyezedwa, kuikidwa zikhomo, ndi kulembedwa m'kaundula kuti mawa wina asadzuke nkunena kuti agogo ake anamusiyira. Mtengo wake ndi wa mafuta a galimoto, malipiro a oyeza malo ndi simenti ya zikhomo. Kugula kwenikweni kudzafunika m'malo ochepa okha pomwe njira ya kudooko inatsekeka kale, ndipo pamenepo mwini wake alandire chipepeso chokwanira monga lamulo linenera.

Kuti anthu a kuno angasunge zomwe agwirizana, umboni ulipo. Bungwe la Ripple Africa, lomwe lili ku Mwaya, lakhala likugwira ntchito ndi mafumu, asodzi ndi khonsolo pa malamulo a m'madera oteteza malo oswanirana nsomba ndi kuletsa kugwiritsa ntchito maneti a udzudzu pa usodzi. Makomiti a m'madooko alipo kale. Koma komiti yoteteza chambo m'madzi singachite kanthu ngati mchenga womwe imakumanirapo wagulitsidwa.

Ena atifunsa kuti tingakambe bwanji za mchenga pomwe zipatala zikusowa mankhwala. Funsoli ndi lomveka. Yankho lathu ndi lakuti chipinda cha amayi oyembekezera chikachedwa chaka chimodzi chimamangidwabe chaka chinacho, ngakhale simenti itakwera. Dooko likagulitsidwa nkumangidwapo, khonsolo ya Nkhata Bay sidzakhala ndi ndalama zoliombolera mpaka kalekale. Ndiponso madzi a m'nyanja atakwera mu 2024 nkulowa m'maloji ndi m'nyumba za m'mbali mwa gombe, tonse tinaona kuti kusiya mpata pakati pa madzi ndi khoma kumapulumutsa ndi mwini khoma yemwe.

Funso lovuta kwambiri ndi la kuba. Thumba logulira malo ndi uchi, ndipo ntchentche sizichedwa. Ndi zosavuta kuti mkulu wina agule thengo lero pa mtengo wozizira, mawa nkuligulitsa kwa khonsolo kakhumi. Malipoti a mkulu wofufuza za chuma cha boma akhala akudandaula za kayendetsedwe ka ndalama m'makhonsolo, CDF ili pomwepo, ndipo dziko lino linakhala kuyambira 2005 mpaka 2014 lopanda makhansala oti nkufunsa mafunso. Pachifukwa ichi tikuti mndandanda wa malo oti asungidwe uyambe wadutsa m'makomiti a chitukuko a m'midzi, umatidwe pa ofesi ya khonsolo ndi pa msika wa Chintheche ndalama isanatuluke, mtengo utchulidwe ndi woyeza wa boma, ndipo dzina la wolandira chipepeso liwerengedwe pa msonkhano wa mudzi. Mafumu nawonso asaiwale kuti siginecha yawo ndiyo imatsegula khomo la malonda ambiri a m'mbali mwa nyanja.

Mu 2025 boma linalengeza kuti CDF ikwera kufika K5 biliyoni pa dera lililonse. Ngati ndalama zochuluka chotere zifikedi, mitengo ya malo ikweranso, chifukwa ofuna kumanga adzachuluka. Tikupempha unduna wa maboma aang'ono kuti malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka ndalamazi anene momveka kuti kuyeza, kulembetsa ndi kuombola malo a mudzi wonse nkololedwa. Tikupemphanso bwanamkubwa wa Nkhata Bay ndi makhansala kuti bajeti yotsatira isadutse popanda mzere umenewu, ngakhale utakhala waung'ono. Eni maloji nawo angathe kusonkhako, popeza gombe loyera ndi lomwe amagulitsa kwa alendo awo. Poyambira ndi pa mndandanda wa madooko onse kuyambira Chintheche, kudutsa Bandawe mpaka Kande, wosonyeza omwe njira zake zikadali zotseguka ndi omwe zatsekeka kale, ndipo makomiti a asodzi angaulembe mwezi uno popanda kudikira Lilongwe.