Mano athu ofiira si uve: tisanakambe za ma veneer, tikambe za mjigo

Achemwali, lero tikambirane nkhani ya mano.

Masiku ano ukangotsegula Facebook, TikTok kapena status ya WhatsApp ukumana ndi zithunzi ziwiri zogundizana. Kumanzere mtsikana wa mano ofiira, nkhope ili yakugwa. Kumanja mtsikana yemweyo mano ali mbee, akumwetulira mpaka m'makutu. Pansi pake alemba kuti ma composite veneer, tsiku limodzi basi, bwera udzayambirenso moyo. Ukatsikira m'makomenti ndiye kumakhala chipongwe: "Koma asisi mumatsuka m'kamwa inu?" "Mano ngati mwadya dothi." "Mkazi wotere ine ayi."

Ena mwa ife tinakulira ku Liwonde, ku Ulongwe, ku Balaka ndi midzi yozungulira. Timadziwa kuseka utaphimba pakamwa ndi dzanja. Timadziwa kujambulitsa chithunzi milomo ili tseke ngati takwiya. Alipo pakati pathu amene anapita ku intavyu ya ntchito ya pa kauntala, mayeso anakhoza bwinobwino, koma anaona okha kuti maso a wofunsa mafunso ali pakamwa pawo. Alipo amene apongozi anawayang'ana kamodzi n'kugamula kuti mtsikanayu ndi wauve. Ndiye tikamalankhula izi tikulankhula za ife eni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Choyamba tichotse bodza. Mano ambiri amawangamawanga kapena ofiira amene mumaona kwa anthu a madera amenewa sanabwere chifukwa chosatsuka. Vutoli madokotala amalitcha dental fluorosis. Limabwera mwana akamamwa madzi okhala ndi fluoride wochuluka pa nthawi imene mano ake achikulire akupangika mkati mwa nkhama, kuyambira ali wakhanda mpaka cha m'ma zaka 8. Dzino limatuluka lili kale ndi mawanga oyera ngati choko, ndipo pakakhala fluoride wambiri limasanduka lachikasu kapena lofiira, mwina lokumbikakumbika. Mtunduwo uli mkati mwa enamel, chikutiro cholimba cha dzino. Utsuke katatu patsiku, ugule mswachi wodula, sungauchotse. Mtsikana amene mukumunyozayo chinamuchitikira ali ku mbuyo kwa mayi ake, asanadziwe n'komwe kuti mswachi n'chiyani.

Nanga fluoride ameneyu achokera kuti? M'miyala ya pansi pa nthaka. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, ndipo mbali ya Machinga, Zomba ndi Balaka ili ndi miyala ina imene imatulutsa fluoride m'madzi a pansi. Akatswiri a ku Chancellor College anayeza madzi ku Machinga kalekale n'kupeza madera a fluoride wochuluka. Vuto lomweli linapezekanso ku Nathenje ku Lilongwe, ku Nkhotakota, ku Karonga ndi ku chigwa cha Shire. Si mjigo uliwonse ayi. Mijigo iwiri yoyandikana itha kusiyana kwambiri, ndipo ndi maso sungadziwe, chifukwa madziwo amaoneka oyera bwinobwino. Njira yodziwira ndi imodzi yokha: kuyeza.

Tsono mvetserani apa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati fluoride m'madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi. Muyezo wa dziko lathu wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime, umene unakhazikitsidwa mu 2005, unalola mpaka mamiligalamu 6 pa lita. Kuchulukitsa kanayi. Tanthauzo lake n'lakuti mjigo utha kukhala wovomerezeka pa pepala, nduna n'kudzadula riboni, amayi n'kuvina, koma madzi ake akudetsa mano a mwana aliyense wa m'mudzimo. Ndipo nkhaniyi siithera pa mano. Munthu akamwa madzi a fluoride wochuluka kwambiri kwa zaka zambiri, mafupa ndi mfundo zimauma ndi kupweteka. Mano ofiira ndi chizindikiro chimene chimaoneka msanga.

Ndani amatunga madzi amenewa? Ndife. Ndani amadzuka m'mamawa, chigubu pamutu, mwana kumbuyo? Ndife. Anatiuza kuti tisiye madzi a mumtsinje chifukwa cha kolera, tinamvera, ndipo tinachita bwino. Anatiuza kuti tiziwiritsa madzi kapena kuthira klorini, tinamvera. Koma palibe anatiuza kuti klorini sachotsa fluoride, komanso kuti kuwiritsa kumangochepetsa madzi, fluoride n'kutsala momwemo. Mayi wachita zonse zimene anauzidwa, kenako mwana wake wamkazi akakula akumunena kuti anakulira pa khomo la uve. Amene anasenza madziwo ndi yemwenso akusenza manyazi. Zoona zimenezi?

Tibwere ku ma veneer. Tinene poyera: ife sitikudana ndi mkazi amene waikitsa. Pakamwa ndi pako, ndalama ndi zako. Kwa munthu amene mano ake anaonongeka kwambiri, composite veneer yoikidwa ndi dokotala wodziwa ntchito ndi chithandizo chenicheni, ndipo palibe chochititsa manyazi. Chimene tikukana ndi kugulitsidwa chinthu osauzidwa zonse.

Composite veneer ndi phala la mtundu wa dzino limene dokotala amamata kutsogolo kwa dzino. Amayamba wakonza pamwamba pa dzino kuti phalalo ligwire, amaliumba, amaliumitsa ndi kuwala kwa buluu, kenako amalisalaza. Zoona, zitha kutheka tsiku limodzi, ndipo ndi zotsikirako mtengo poyerekeza ndi za porcelain. Koma pali zimene chithunzi cha pa Facebook sichinena. Composite sikhala mpaka kalekale: kawirikawiri imatha zaka 5 mpaka 7, kenako imafuna kukonzedwa kapena kusinthidwa. Imadetsedwa ndi tiyi, khofi ndi fodya. Imabenthuka ukaluma chinthu cholimba, ndiye ganizirani mzimbe, chimanga chokazinga, kapena chizolowezi chotsegula botolo ndi mano. Kuti abise mtundu wofiira kwambiri, dokotala nthawi zina amapala enamel pang'ono, ndipo enamel ikachoka siimeranso. Komanso mtengo amawerengera pa dzino limodzi. Funsa mtengowo, uchulukitse ndi mano 6 kapena 8 amene amaoneka ukamwetulira, kenako uganize kuti ukaika uli ndi zaka 22 udzabwererako kangati usanafike zaka 50. Imeneyo ndiye bilu yeniyeni.

Ndipo dokotala wake ali kuti? Mpaka 2019 dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano. Chaka chimenecho ndi pamene maphunzirowa anayamba ku College of Medicine, imene pano ili pansi pa KUHeS, mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu MalDent Project. Nthawi imeneyo madokotala a mano m'dziko lonse anali osakwana 50, pa anthu oposa 18 miliyoni, ndipo ambiri anali m'mizinda ikuluikulu. M'zipatala za m'maboma ntchito yambiri imagwiridwa ndi ma dental therapist, ndipo anthu ambiri amafikako dzino litavuta kale moti chotsala n'kuzula. Mtsikana wa ku Ntaja kapena ku Phalula veneer yake ikabenthuka, akwere minibasi ya ku Zomba kapena ku Blantyre. Thiransipoti yokha ndi ndalama ya ufa.

Pamene madokotala achepa, achinyengo amachuluka. Ku America kunabuka anthu odzitcha "veneer tech", ophunzira masiku awiri okha n'kuyamba kumata anthu mano, mpaka bungwe la madokotala a mano la American Dental Association linachenjeza anthu mu 2024. Ku Britain kuli mawu akuti "Turkey teeth", onena za achinyamata amene anapita kunja kukafuna mano oyera motchipa n'kubwerera mano awo atapalidwa kutsala tizitsa. Chimene chafika pa TikTok ya ku Atlanta sichichedwa kufika pa foni ya ku Balaka. Veneer yomatidwa pa dzino lobooka imabisa kuwola, dzino n'kumavundira mkati. Yomatidwa molakwika m'mphepete imasunga zakudya, nkhama n'kutupa, m'kamwa n'kumanunkha. Munthu wopanga zikhadabo ndi nsidze ali ndi luso lake ndipo timamulemekeza, koma m'kamwa mwako asalowemo.

Palinso zina zimene timachita tokha kunyumba chifukwa cha manyazi: kukwecha mano ndi makala, phulusa, mchenga, soda wosakaniza ndi mandimu, kapena timankhwala ta pa WhatsApp topanda dzina. Achemwali, siyani. Mtunduwo uli mkati, ndiye mukungopala enamel, mano n'kuyamba kuchita dzanzi mukamwa madzi ozizira. Komanso musataye mankhwala otsukira mano chifukwa mwamva kuti muli fluoride. Wochepa wa m'mankhwalawa amateteza mano kuti asabooke. Chofunika n'kuona kuti ana aang'ono akuika pang'ono ndipo sakumeza.

Ngati waganiza zoikitsa, pita ndi mafunso. Funsa ngati munthuyo ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ndipo akuonetse chiphaso. Ayambe wakupima kaye, chifukwa si kufiira kulikonse kuli fluorosis, kwina ndi kuwola kumene kukufuna chithandizo china. Funsa ngati apale dzino, ndi mochuluka bwanji. Funsa ngati pali njira yopepukirapo, poti mawanga ochepa nthawi zina amatheka ndi kuyeretsa kapena kusalaza pamwamba popanda kumata kanthu. Funsa kuti ikabenthuka akonza ndani, pa mtengo wanji. Tenga lisiti. Akakwiya ndi mafunso ako, nyamula chikwama uzipita.

Tikudziwa ena anena kuti, "Inunso, dziko lili pa mavuto a njala ndi kolera, inu mukukamba za mano?" Ee, tikukamba. Sitikuuza munthu kuti asiye mjigo abwerere ku mtsinje, kolera imapha m'maola ochepa ndipo tinaiona mu 2022 ndi 2023. Koma mayi wa ku Machinga asakakamizidwe kusankha pakati pa kolera ndi fluorosis. Njira zilipo ndipo si zachilendo. Mjigo utha kuyezedwa, wa fluoride wambiri n'kulembedwa chizindikiro kuti madzi ake akhale ochapira ndi kusamba, akumwa ndi ophikira phala la ana azichokera pena. Pali kukolola madzi a mvula pa madenga a sukulu. Pali zosefera za makala a mafupa zimene zikugwira ntchito ku Kenya, Tanzania ndi Ethiopia. Pali madzi a m'mipope ochokera m'mitsinje ndi m'madamu, ngati a ku Mpira amene amafika ku Balaka, bola asamalidwe kuti mipope isaume anthu n'kubwerera ku mijigo yosayezedwa.

Ndipo asatiuze kuti kuyeza n'kovuta. Ku Kangankunde, ku Balaka konkuno, miyala yaboledwa ndi kuyezedwa mosamala chifukwa muli chuma cha rare earth chimene dziko lonse likuchifuna. Nthaka ikakhala ndi ndalama, makina amafika. Nanga madzi amene mwana wa chaka chimodzi akumwa m'boma lomwelo?

Ndiye zofuna zathu ndi izi. Makhonsolo a Machinga ndi Balaka, pamodzi ndi ofesi za madzi, ayeze fluoride m'mijigo, kuyambira ya pa sukulu za pulayimale ndi pa zipatala, ndipo zotsatira azimate pa mjigo pomwepo m'Chichewa ndi m'Chiyao. Bungwe kapena phungu aliyense wokumba mjigo asaupereke kwa anthu popanda zotsatira za fluoride. Muyezo wa 6 utsike ufike pa 1.5. Ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa imene boma linakhazikitsa mu 2022 ioneke ku sikelo ya ana, kuti mayi aziuzidwa za fluoride monga momwe amauzidwira za katemera. Medical Council ilondole onse otsatsa ma veneer opanda chiphaso. Ndipo olemba ntchito adziwe kuti kukana mtsikana chifukwa cha mtundu wa mano ndi tsankho, ngakhale alitche dzina lokoma lakuti "maonekedwe oyenera".

Ifenso tili ndi mbali yathu. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo limatipatsa ufulu wopempha zotsatira za madzi ku khonsolo. Ambiri mwa ife tili m'tauni, koma kumudzi tinasiya ang'ono athu, ana a achemwali athu, ena ana athu enieni amene akuleredwa ndi agogo. Imbira foni kumudzi, funsa ngati mjigo wanu unayezedwapo. M'makomiti a mijigo amayi alimo ambiri, nkhaniyi ifike kumeneko. Kwa ife akuluakulu mano anapangika kale, koma mwana wa zaka 3 akhoza kupulumuka.

Akale anati ukaipa dziwa nyimbo. Ife tikukana. Sitinaipe, ndipo sitivinira munthu kuti atikhululukire mano athu. Amene akufuna veneer aike, kwa dokotala weniweni, akudziwa zonse. Amene sakufuna aseke pakamwa pali yasa. Koma amuna a m'makomenti aja, musanalembe chipongwe china, kafunseni kaye kuti mjigo wa kwanu unayezedwa liti.

Ngati unakulira kumene mano ofiira ali ponseponse, lemba dzina la dera lako pansipa, ndipo tumiza uthengawu kwa khansala wako.