Juana anamenyedwa, tinene choncho m'kalasi

Achemwali athu, makamaka inu amene mwalemba MSCE zaka zaposachedwazi, mukumukumbuka Juana?

Loweruka lapitali tinali ndi atsikana a Fomu 3 ndi 4 pakalabu yathu yowerenga kuno ku Mtakataka. Buku linali The Pearl la John Steinbeck, lija la mayeso a Chingerezi. Titafika chaputala 5, pamene Kino akumenya mkazi wake, tinafunsa kuti, "Apa chachitika n'chiyani?" Onse zii. Kenako mmodzi anati, "Asisi, Juana analakwa. Anatenga katundu wa mwamuna wake osapempha." Anzake angapo anavomereza. Wina anatsegula kope lake n'kutiwerengera manotsi: Juana ndi mkazi womvera, wokhulupirika, wopirira. Koma za chibakera, ngakhale mzere umodzi munalibe.

Kwa amene munaiwala, nkhani yake ili motere. Bukuli linatuluka mu 1947. Kino ndi mmphawi wa ku La Paz, m'dziko la Mexico, amene amadalira bwato lake posaka ngale pansi pa nyanja. Mwana wake Coyotito alumidwa ndi chinkhanira, dokotala akana kumuona chifukwa alibe ndalama. Kino apeza ngale yaikulu, ogula apangana n'kumuuza mtengo wa 1,000 pesos pomwe iye amayembekezera 50,000. Akuba ayamba kubwera usiku. Juana aona kuti ngale ija iwonongetsa banja, ndiye ayitenga mwakachetechete kuti akayiponye m'nyanja. Kino amupeza, amumenya chibakera kumaso, atagwa pamiyala amuponda m'nthiti. Kumapeto mwana uja aphedwa ndi chipolopolo, ndipo Kino mwini wake aponya ngale m'nyanja.

Mbali ya umphawi ndi dyera ana a kuno amaimva msangamsanga. Aona mavenda akupangana mtengo wa nsomba kudoko, aona mpunga wa kusikimu ya Bwanje ukugulidwa motchipa nthawi yokolola. Apa aphunzitsi safooka, kalasi imachita kuwira. Koma pofika pa chibakera chija, ambiri amathamanga ngati akuwoloka M5 lole ikubwera.

Ife tikuti ayi. Tsamba limenelo lisadumphidwe, ndipo chimene chachitika chitchulidwe dzina lake: nkhanza.

Chifukwa chake n'chakuti nkhaniyi si ya ku Mexico kokha. Kafukufuku wa boma wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti amayi 34 pa 100 alionse azaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo chifikireni zaka 15. Anapezanso kuti amayi 16 pa 100 alionse amavomereza kuti pali zifukwa zina zimene mwamuna angamenyere mkazi wake. Ndiye m'kalasi ya ku Golomoti kapena ku Mua muli mtsikana amene usiku wathawu anamva mayi ake akulira. Muli wina amene chibwenzi chake chinamuwomba kale khofi. Akamva aphunzitsi akuyamika Juana kuti ndi wopirira, amatenga phunziro lomwe lija timalimva kwa ankhoswe ndi kumabulaido shawa, loti banja n'kupirira. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno lili ndi malikisi.

Tikuwamvetsa aphunzitsi. Kalasi ndi yodzaza, mabuku ndi ochepa, silabasi ikuthamanga, ndipo ena amaopa kutsegula bala limene sangathe kulimanga. Makolo enanso amati zoterezi si za ana. Koma achimwene ndi achemwali, ana awa akuziona kale. Kuno ndi kwa Kachindamoto, kumene Inkosi Theresa Kachindamoto inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu. Ena mwa amene akhala pabenchi apo analawako kale banja. Tiwabisira chiyani?

Pempho lathu si lalikulu.

Choyamba, achenjezeni. "Mawa tiwerenga gawo lopweteka." Amene akufuna kutuluka kaye panja atuluke popanda kufunsidwa mafunso, ndipo pasakhale wokakamizidwa kunena za kwawo.

Chachiwiri, funsani mafunso amene buku lenilenilo likufunsa. Ndani anayamwa ululu pabala la mwana pamene anthu ankangoyang'ana? Juana. Ndani anati aitane dokotala pamene aliyense ankati sangabwere? Juana. Ndani anaona koyambirira kuti ngale ija ibweretsa tsoka? Juana yemweyo. Anamenyedwa chifukwa choona patali, ndipo mapeto a nkhani akumuikira umboni. Mkazi wotere n'kumulemba "womvera" basi? Ngakhale pa mayeso, yankho la mwana amene waona zonsezi ndi lolemera kuposa la woloweza.

Chachitatu, aloleni ana atsutsane ndi wolemba. Steinbeck akufotokoza kuti Juana sanakwiye, anangozilandira chifukwa Kino ndi mwamuna ndipo iye sangakhale popanda mwamuna. Awa ndi maganizo amene bambo wa ku America anaika m'mutu mwa mkazi mu 1947. Si lamulo. Afunseni atsikana ngati akugwirizana nawo. Afunseninso kuti Juana akanathawira kuti, ndi khanda kumsana, wopanda ndalama yakeyake.

Chachinayi, anyamata asangokhala owonerera. Kino si chilombo chochokera kutchire. Ndi bambo wokonda mwana wake, wofuna kuti adzapite kusukulu, wonyozedwa ndi olemera. Koma mkwiyo wa kwa dokotala ndi ogula aja unakathera pankhope ya mkazi wake. Mnyamata wa zaka 17 aziganizire zimenezi asanakwatire.

Pomaliza, tsekani phunziro ndi khomo lotulukira. Juana analibe kolowera, koma ife tili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006. Kupolisi kuli Victim Support Unit. Nambala ya 116 ndi ya ana, 5600 ndi ya nkhanza kwa amayi, zonse zaulere. Zilembeni pabolodi, musafufute. Ndipo mphindi khumi zokambirana m'Chichewa sizingagwetse mwana mayeso a Chingerezi. Zowawa zimatuluka bwino m'chiyankhulo cha kunyumba.

Inu amene muli m'tauni, muli ndi ang'ono anu ku Fomu 3 ndi 4. Akabwera kuholide, pemphani kope lawo muone zimene analemba za Juana. Mukapeza "wopirira", khalani nawo pansi muwerengenso chaputala 5 limodzi.

Mtsikana uja anati Juana analakwa anatsalira anzake atapita. Anatithandiza kusonkhanitsa mabuku, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Asisi, nambala ija munati chani?"