TIKAMBE ZA PAMSIKA: Kachiperoni ka pa makina a impso

Amangwetu, sabata ino ndale tiziike kaye pansi pa benchi. Ndikufuna tikambe za anzathu amene impso zawo zinasiya ntchito, amene moyo wawo uli pa makina otsuka magazi aja akuti dayalisisi, onga ali ku Queens mu Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ena mwa inu mwasonkhapo ya minibasi ya mnzanu wotere, ena mwamugulitsirapo tomato iye ali kuchipatala.

Munthu amene impso zake zafa sakodza mokwanira, choncho madzi amene wamwa amangodzadza m'thupi. Akapita pa makina amakhalapo maola ngati 4. Magazi amatuluka ndi kapaipi n'kudutsa mu sefa, mmene mbali inayo mukuyenda madzi a mankhwala okoka zoipa, kenaka n'kubwerera m'thupi. Nthawi yomweyo makinawo amachotsa madzi osafunika aja, malita 2 kapena 3, mwina kuposa.

Tonse tinazolowera kuopa BP yokwera, koma pa makina mdani wamkulu ndi BP yotsika. Madzi akamachoka mofulumira, munthu amayamba kuyasamula, chizungulire, nseru, miyendo kukokana, ena mpaka kukomoka. Apo anamwino athamange: bedi alipendeketse mutu ukhale mmunsi, amuthire dripi, madzi omwe aja amalimbana nawo kuchotsa. Mwinanso makina azimitsidwe nthawi isanakwane, munthu abwerere kwawo asanatsukike bwino. Izi zikamachitika kawirikawiri, mtima ndi ubongo zimavulala pang'onopang'ono poperewera magazi.

Tsono tayang'anani mkono wanu. Mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, mitsempha imatukumuka kuoneka ngati zingwe. Mu Juni chiperoni chikawomba, imabisala. Thupi likatentha limatsegula mitsempha ya pakhungu kuti lizizire, likazizidwa limaifinya. Pa makina thupi limakonda kutentherako, mitsempha n'kutseguka pa nthawi yomwe magazi akuchepa. Zili ngati paipi yothirira mbewu: madzi akachepa, paipi ili yotakasuka, amangodontha, koma mukafinya kukamwa kwake amathamanga.

Madokotala a ku Italy, motsogozedwa ndi a Maggiore, adaona zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Iwo adati, bwanji madzi a mankhwala aja tiwazizitseko? M'malo mwa madigiri 37, omwe ndi kutentha kwa thupi, awaike pa 36 kapena 35. Magazi amabwerera ali ozizirirapo, mitsempha imakhala yofinyika, BP siigwa msanga. Kafukufuku wa pa anthu ochepa ochepa, makamaka aja okomokakomoka, wakhala akuonetsa kuti zimathandiza. Chondisangalatsa ine n'choti pamenepa palibe chogula. Palibe jakisoni, palibe za foreksi, n'kungodina batani basi. M'dziko lathu lino chithandizo chosalira tambala n'chosowa ngati chenje Lolemba mmawa.

Koma imani kaye, musanathamangire kukalalatira anamwino. Ku Ontario m'dziko la Canada adafuna kudziwa ngati nzeru imeneyi ingaperekedwe kwa aliyense. Kuyambira 2017 mpaka 2021, zipatala 84 zidagawidwa pawiri, zina kuzizitsa madziwo kwa odwala onse, zina kuwasiya pa madigiri 36.5. Odwala adapitirira 15,000. Zotsatira za kafukufukuyu, wotchedwa MyTEMP, zidatuluka mu 2022, ndipo zidagwetsa ulesi anthu ambiri. Imfa za matenda a mtima, sitiroko ndi kugonekedwa chifukwa cha mtima sizidachepe. Ngakhale katsikidwe ka BP kadali pafupifupi chimodzimodzi mbali zonse. Chimene chidachuluka ndi odwala odandaula kuti akuzizidwa.

Nanga pamenepa titi a ku Italy aja adanama? Ine ndikuti ayi. Kumwetsa msika wonse mankhwala a malungo si kofanana ndi kumwetsa amene akunjenjemera. Mmene ndikuonera, kwa munthu amene amatsika pa makina ali bwinobwino, kumuzizitsa n'kumuzunza chabe, maola 4 mano akugundana popanda phindu. Koma kwa uja BP yake imagwa ulendo uliwonse, n'chinthu choyenera kuti dokotala wake achiyese ndi kuona ngati chikumugwirira. Wodwalayo ndi womudikirira ali ndi pakamwa. Afunse mwaulemu: "Anesi, kodi madziwa ali pa madigiri angati? Chizungulirechi, kuzizitsako pang'ono kungathandize?" Kufunsa si chipongwe. Koma batanilo ndi la anamwino, inu musaligwire.

Pali mbali ina imene ili m'manja mwathu eni akefe, ndipo ndi ya pamsika pompano: mchere. Chipisi chowaza mchere, kanyenya, nsomba zouma zothira mchere, zonsezi zimautsa ludzu. Ludzu lidzetsa kumwa, kumwa kudzetsa malita ambiri oti makina achotse pa maola omwewo, ndipo BP ndiye imagwa. Kumene makina ali ochepa, odwala n'kumapita kawiri pa sabata m'malo mwa katatu, mtolo wa madziwu umakula kwambiri. Ndiye inu amayi ophikira wodwala wotere, dzanja la mchere lipepuke. Ndipo kontena ya nsima ija isamatsegulidwe munthu ali pa makina ngati BP yake ndi yogwaigwa, chifukwa magazi amathamangira kumimba kukagaya chakudya.

Amene dokotala wamuika pa madzi ozizirirapo, mumunyamulire bulangete, chipewa ndi masokosi, a pakaunjika omwewa akwana. Koma mkono wa masingano uja usafundidwe, anamwino aziuona nthawi zonse.